Lachisanu Limene Ndinasesa Mndandanda wa Mbuzi

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazifotokoza mokoma kuposa mmene zinalili. Ine ndiyambira pamene ndinavala khaki.

Chaka changa choyamba pa ntchito, ku Dzoole

Ndinalowa umesenjala pa kaofesi ka bungwe la alimi ku Dzoole ndili ndi satifiketi ya Sitandade 8 ndi njinga yopanda mabuleki. Ntchito yanga inali kusesa, kuwiritsa tiyi ndi kutsetsereka mapiri a Dowa ndi makalata a eni, ndikuimitsa njinga ndi zidendene. Bwana wanga woyamba anali a Kaphale, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene anali ndi lamulo limodzi lokha, ndipo ankalibwereza Lachisanu lililonse ataima pakhomo. "Mwale, ofesi si dzala. Chimene chafa, taya!" Ndinkataya ndithu: mabolopeni ouma, makalenda akale, nsapato imodzi ya munthu amene sitinamudziwe. Lamulo limenelo linandilowa m'mafupa, moti mpaka lero Lachisanu likakwana manja amandiyabwa.

Chinthu china chimene ndinachoka nacho ku Dzoole n'kuwerenga. Ndinkawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo, kaya envulopu, kaya botolo la mankhwala a nkhupakupa, kaya kabuku kamene kanabwera ndi tayipi. Mmenemo ndi mmene ndinaphunzirira kutayipa, n'kukwezedwa kukhala kalaliki. Kompyuta yoyamba itafika, anthu onse anaima patali ngati yafika ndi apolisi, ndipo poti ine ndekha ndinali nditawerenga buku la m'katoni mwake, ndinasanduka "a zamakompyuta" popanda wondiyesa mayeso. Koma kuwerenga kwanga kunali ndi chilema. Ndikafika pa tsamba lovuta ndinkalumpha, n'kudziuza kuti zotsalazo ndazimva kale. Mayi anu amati ngakhale powafunsira ndinalumpha masamba angapo.

Chaka cha makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa ntchito, ku Ntchisi Boma

Ananditumiza ku Ntchisi kukathandiza pa ntchito ya mbuzi zopatsirana. Kayendetsedwe kake kanali kotere: banja limalandira mbuzi yaikazi, ikaswa kamsoti koyamba kamapita kwa banja lotsatira pa mndandanda, ilonso lidzapatsire lina. Choncho chuma chenicheni cha ntchitoyo sichinali mbuzi ayi, chinali mndandanda wa amene akutsatira. Mndandandawo unkakhala m'pulogalamu ya pa intaneti imene alangizi athu ankaitsegula pa foni ali kumidzi, n'kulemba kuti mbuzi ya uje yaswa, kamwana kapita kwa uje. Pulogalamuyo inkasungidwa m'makina a kutsidya kwa nyanja, ndipo amene ankaisamalira anali otithandiza a kunja. Tsiku lina otithandizawo anatsanzika mwaulemu, n'kutisiyira makalenda.

Bwana wanga wa ku Ntchisi, a Kachingwe, sanali munthu wogonja. "Tidzisungira tokha," anatero. "A Mwale, si inu mumawerenga?" Tinatulutsa kompyuta yakale m'sitolo, kuipukuta, kuiika pansi pa tebulo langa pambali pa batire la galimoto, n'kuipatsa dzina laulemu loti seva. Kuchokera ku Lilongwe kunabwera katswiri, a Tadala, mayi wachangu wosakonda mawu ambiri, amene anali ndi masiku awiri okha.

"A Mwale, pulogalamuyi tiziyendetsa m'kontena," anandiuza. "Kontenayo muziyiganizira ngati tenanti pa esiteti ya fodya. Amabwera ndi mapoto ake, mphasa yake, zonse zimene akufuna, sabwereka kanthu kwa mwini malo. Akachoka mumabweretsa wina wofanana naye, ntchito n'kupitirira."

Bambo anga anali tenanti, ndiye fanizolo linandilasa pang'ono, koma ndinalimva bwino.

"Tsono mvetsani apa," anapitiriza. "Tenanti pochoka amanyamula zonse za m'nyumba mwake. Chimene mukufuna chitsale musamusungitse iye. Mumumangire nkhokwe panja, aziika m'menemo. Nkhokweyo timati voliyumu. Mwamva?"

Ndinagwedeza mutu mwamphamvu. Zoona zake, maganizo anga anali atathamangira kale ku tchalitchi, kumene ndinkadziona ndikufotokozera akuluampingo za makontena.

A Tadala anangondionetsa zoyeserera, chifukwa disiki yatsopano inali isanafike, ndipo mitambo inali itada, dalaivala akuliza hutala kuti msewu ukaterera agona komweko. Anandisiyira masamba makumi awiri olembedwa bwino, kuti disiki ikafika ndikonze ndekha. Usiku wake denga la ofesi linadontha ndendende pa masambawo. M'mawa ndinawayanika pakhonde, lililonse ndi mwala wake, ndipo pobwera kuchokera kokatenga tiyi ndinapeza mbuzi ya aneba ikumaliza tsamba 14, ikundiyang'ana ngati ikufunsa ngati pali lina. Ndinawerenga tsamba 13, ndinawerenga tsamba 15, ndinaona kuti akugwirizana ndithu ngati pachibale. Ndinati zotsalazo ndazimva kale. Tsamba 14 ndi limene linali ndi kamangidwe ka nkhokwe.

Disiki itafika ndinakonza zonse ndekha, ndipo zinayenda! Alangizi anatsegula mafoni awo ku Kasakula, mndandanda n'kuonekera. A Kachingwe anandigwira chanza pamaso pa anthu. Masiku amenewo ndinkayenda pa Ntchisi Boma ngati mwini msika.

Mavuto analipo, osati ochepa. Magetsi ankazima pamene afunira, batire linkakalamba, netiweki inkapezeka bwino pa chulu cha kuseri kwa ofesi kuposa mu ofesimo. Chifukwa cha zimenezi a Tadala anasiya lamulo loti Lachisanu lililonse ndizitenga kope la mndandanda n'kuliika pa fulashi, kenako ndizisayina fomu, a Kachingwe n'kusayina m'munsi. Ndinachita zimenezi mokhulupirika miyezi ingapo, mpaka tsiku limene mayi anu anabwereka fulashiyo kuti a kwaya aikemo nyimbo za ukwati. Anati masiku awiri okha. Ukwati unachitika, mkwatibwi anatenga pathupi, fulashi osabwerera. Koma fomu inali pa tebulo, bolopeni inalipo, ndipo dzanja linali litazolowera. Ndinasayina Lachisanu lililonse kwa miyezi isanu ndi iwiri kuti kope ndatenga, a Kachingwe nawonso akusayina osayang'ana.

Pa nthawi imeneyo ndinali ndi mlendo wa mwezi ndi mwezi, a Nankhoma, mayi wamasiye wa kufupi ndi Kasakula amene ankalera adzukulu atatu. Anali atadikira mbuzi zaka zitatu. Khola anali atamanga kale, la m'mwamba monga alangizi amafunira, ndipo mmene linalili lopanda kanthu nkhuku za aneba zinkagonamo. Akabwera ku chipatala kudzatenga mankhwala ankadzera ku ofesi. Kuwerenga sankadziwa, koma maonekedwe a dzina lawo ankawadziwa. Ankaika chala pa galasi la kompyuta n'kuwerenga mizere kuchokera pamwamba.

"Achimwene, mwezi uno ndakwera?"

"Mwakwera umodzi, mayi."

"Umodzi wokha? Mbuzi za masiku ano zikulera kapena?"

Ulendo wawo womaliza chala sichinayende n'komwe. Dzina linali pa mzere woyamba. Anaseka, n'kunena kuti akukathamangitsa nkhuku zija.

Mvula ya chaka chotsatira

Lachinayi lina kunagwa chimvula cha mabingu, magetsi n'kuzima, batire lathu lokalamba n'kugonja. Lachisanu m'mawa magetsi atabwera ndinayatsa seva, ndipo ndinaona kuti kontena yathu yalembedwa kuti yaima. Tsono mumvetse, ana anga, kontena yoima siyakufa. Imangofuna kuidzutsa ndi mawu amodzi, ndipo mawuwo ndinkawadziwa. Koma linali Lachisanu. Ndinali nditangosesa pansi, tsache lili chiimire pakhoma, ndipo m'khutu ndinamva a Kaphale, amene pa nthawiyo anali atagona kumanda zaka zambiri: chimene chafa, taya. Ndinaganizanso za mawu a a Tadala oti tenanti akachoka mumabweretsa wina. Ndinachotsa kontena yakaleyo ndi chala chimodzi, n'kudzutsa yatsopano. Ndinadziyamikira kuti ndine munthu waukhondo.

Pulogalamu inatseguka mofulumira kuposa kale, yoyera mbee. Inandilonjera mwaulemu n'kundipempha kuti ndilembe dzina la banja loyamba.

Ndinatseka, ndinatsegulanso. Ndinazimitsa seva, ndinayatsanso. Ndinagwada n'kusuzumira kuseri kwa tebulo, ngati kuti maina a mabanja onse aja angakhale atagwera pansi. Kenako ndinakwera pa chulu n'kuimbira a Tadala.

"Voliyumu munamanga?" anafunsa.

"Ili pa tsamba liti, mayi?"

"Tsamba 14."

"Limenelo inadya mbuzi."

Ndinayang'ana foni kuganiza kuti mayunitsi atha.

"Chabwino. Kope la sabata yatha lilipo?"

"Lili ku kwaya."

Zimene ananena pambuyo pake sindilemba, chifukwa mbiri ino adzawerenganso adzukulu.

A Kachingwe atamva anatseka chitseko, n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Anatulutsa mafomu aja, anayang'ana siginecha yanga, anayang'ana yawo. Kenako nkhope yawo inawala. "A Mwale, dzulo kunali mphenzi. Boma lonse linaimva. Mphenzi inalowa mu seva, n'kupsereza ndi fulashi yomwe. Tilemba choncho ku likulu. Mphenzi siitanidwa ku bodi ya bungwe kukayankha mafunso." Ndinati fulashi sinapse, ikuimba ku tchalitchi. Iwo anati, "Inapsa. Mwatsala ndi zaka ziwiri kuti mupume, mukufuna mupite kumudzi chimanjamanja chifukwa cha mbuzi?"

Ndisakunamizeni, mphenziyo ndinaikonda. Inali yaulere, inalibe abale, ndipo aliyense anaimvadi. Masiku angapo ndinayenda nayo bwinobwino, mpaka ndinayamba kukumbukira fungo la kupsa limene silinakhalepo. Koma malamulo a bungwe ankati mndandanda ukatayika pa ngozi, komiti ya mbuzi ilembe watsopano. Lachitatu wapampando wa komiti ya ku Kasakula, a Gwaza, anafika pa njinga yamoto ndi kope la kusukulu lolembedwa kale maina, mwachangu chodabwitsa, kuti ine ndingotayipa. Pamwamba panali mlamu wawo. A Nankhoma ndinawapeza nditatembenuza tsamba.

"A Gwaza, mayi awa anali pa mzere woyamba," ndinatero.

"Akulu, makina anapsa. Inu mutu wanu ndi makina? Mabanja onsewa mungawakumbukire? Tayipani, Loweruka tikawerengere anthu."

Madzulo ake ndinafotokozera mayi anu akusenda mawungu. Ndinawauza kuti fulashi ikapezeka, mndandanda wakale ulimo, wa miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, koma ndikaionetsa ndiye kuti ndaulula kuti mphenzi ndine, komanso kuti mafomu onse aja ndinasayina bodza. Iwo sanaleke kusenda.

"Ndiye mukuopa chiyani, bambo a kuno? Kuti anthu adziwa kuti ndinu opusa?"

"Eya."

"Zimenezo akudziwa kale, simutaya kanthu. Chimene sakudziwa n'choti ndinu wakuba, ndipo mukatayipa kope la a Gwaza mukhala mwaba mbuzi ya mayi wamasiye. Ine wopusa ndakhala naye zaka zonsezi, ndazolowera. Wakuba ndiye mukafune kwina kogona."

M'mawa mwake anapita okha kwa mkulu wa kwaya, n'kubwera ndi fulashi yomangidwa pa kansalu.

Loweruka la ku Kasakula

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya sukulu pafupi ndi msika, amayi atadzaza pansi, abambo pa madesiki a ana mawondo ali m'khosi. A Kachingwe anafotokoza za mphenzi mwaluso, mpaka amayi ena anati pepani. A Gwaza anatsegula kope lawo n'kutsokomola. Ine ndinaona a Nankhoma pakona atafunda chitenje, chala chawo chija chili pa bondo, ndipo ndinangopezeka ndaimirira.

"Pepani akuluakulu, mphenzi ija tikuinamizira. Mndandanda ndinafafaniza ndine."

Ndinafotokoza zonse, za tenanti, za nkhokwe imene sindinamange, za mbuzi ya aneba, za kwaya, za mafomu. Siginecha ya m'munsi sindinaitchule, koma a Kachingwe ankayang'ana malata ngati akuwerenga misomali. Ndinalowetsa fulashi mu laputopu ya ofesi, ndipo chifukwa cha phuma ndinadina polakwika, m'kalasimo n'kumveka nyimbo ya ukwati. Mayi wina analuluta. Pamenepo anthu anaphulika kuseka, ndipo ndikukhulupirira kuti nyimbo imeneyo ndi imene inandipulumutsa ku zibakera.

Mndandanda utaonekera, a Nankhoma anaimirira, kudutsa pakati pa anthu, n'kuika chala pa galasi. Anawerenga kuchokera pamwamba. "Wachinayi. Achimwene, munati ndine woyamba. Nditsike bwanji ndili mtulo?"

"Uwu ndi wakale, mayi. Miyezi isanu ndi iwiri ikusowa."

"Mwamva nokha," anatero a Gwaza. "Ndi wosakwanira. Tigwiritse wa komiti."

Apa ndi pamene ndinaphunzira chimene tsamba lililonse la a Tadala silinanene. Amayi aja anayamba kulankhula, wina kulanda mnzake mawu. Mbuzi iliyonse ankaidziwa ndi dzina, ndi make, ndi mwezi umene inaswa. Woyamba pa mndandanda? Analandira kamwana ka Zandivuta nthawi yokolola, kaja ka khutu long'ambika. Wachiwiri? Analandira ka Pensulo, ndipo anakanyamula pa njinga kakulira mpaka ku chigayo, aliyense anamva. Wachitatu anali m'kalasi momwemo, anayesa kuyang'ana kumbali, koma mnansi wake anati, "Inu musabisale, mbuzi yanu inandidyera nyemba sabata yatha!" Ine ndinkangotayipa, thukuta lili kamukamu, iwo akundikonza ndikalakwitsa. Pofika masana miyezi isanu ndi iwiri ija inali itabwerera yonse, ndipo pamwamba panatsala dzina limodzi.

A Gwaza anatseka kope lawo n'kunena kuti iwo ankangothandiza. Mayi wina kumbuyo anafunsa, "Nanga alamu anu aja khola alibe, mbuzi akanagona nayo pa bedi?"

A Nankhoma sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye inu munatisesa?"

"Ndinakusesani, mayi."

"Tonsefe?"

"Ndi chala chimodzi."

"Chala chimenecho muzichisunga m'thumba Lachisanu."

Pobwerera galimoto itatitimira m'matope pa chitunda china, a Kachingwe anangoloza kumbuyo ndi chibwano, ndipo ndinakankha ndekha. Ku likulu anandiitana, ndinayankha mafunso amene mphenzi ikanawazemba, ndinalandira kalata ya chenjezo, n'kuuzidwa kuti zaka ziwiri zotsalazo ndikamalizire ku Dzoole, pa kaofesi komwe kaja, kutali ndi seva. Ndisanachoke ndinapempha chinthu chimodzi, kuti ndimange nkhokwe ija ndi manja anga. A Tadala ananditumizira tsamba 14 pa foni, ndipo ndinaliwerenga katatu, mokweza, chitseko chili chotseka kuopa mbuzi. Titamaliza anandiuza kuti ndichotse kontena dala, tione. Chala chinakana. Ndinachita kuchikankha ndi dzanja linalo. Kontena yatsopano itadzuka, maina onse anali pomwepo, a Nankhoma pamwamba.

Chaka chachitatu chipumireni

A Kachingwe tinadzaonana pa maliro ena, ndipo anandigawira malo pa benchi. Za mphenzi sitinakambe. Ku Dzoole ndinapeza tsache lili pakona yomwe ndinalisiya, ndipo tinalandirana ngati anthu odziwana.

A Nankhoma analandira kamsoti kawo mvula isanathe, n'kukatcha Lachisanu. Kataswa, mwana woyamba anapatsira banja lotsatira monga mwa lamulo. Chaka chatha ndinangoona a Nankhoma akulowa pabwalo pano, atakwera kabaza ulendo wonse wochokera ku Kasakula, kambuzi kali pamiyendo. Anati aka ndi kachitatu, ka iwo eni, palibe komiti ingakalembe. Ndinakana monga munthu amakanira, iwo n'kukamangirira pa mtengo wa mapeyala osandimvera. Ndi kaja mumakaona mukabwera, kamene mayi anu amati kali ndi nkhope yanga.

Sabata yatha ndinasiya masamba a mbiri ino pakhonde kuti ndikatenge magalasi. Pobwera ndinapeza kambuziko kakumaliza tsamba lachinayi, kakundiyang'ana ngati kakufunsa ngati pali lina. Sindinakalipe, sindinakwere pa chulu. Ndinalowa m'nyumba, ndinapempha kiyi kwa mayi anu, n'kutsegula sutikesi yawo ya zitenje, mmene Lachisanu lililonse ndimaikamo kope la zonse zimene ndalemba. Fomu yake amasayina ndi iwo, ndipo iwo amayamba awerenga masamba.